Mmene Ndinatsikira pa Gindasiti

Ana anga, Tereza ndi Paulo, zaka zonsezi mwakhala mukudziwa kuti bambo anu anachoka pa makina onyamula katundu pa doko chifukwa anakwezedwa kukhala mphunzitsi. Ndi zimene tinagwirizana ndi mayi anu kuti tizikuuzani. Sizinayende choncho kwenikweni. Tsopano ndapuma ntchito, ndabwerera kuno ku Milange, ndipo ndaona kuti si bwino ndife nalo bodzali. Zilembo zikuluzikuluzi musaziseke, mumva chifukwa chake.

Ndili ndi zaka 22

Ndinachoka kwathu ku Mongue nkhondo itafika poipa. Anthu ambiri a m'mudzi mwathu anathawira ku Muloza, tsidya la Malawi, ndipo mayi anu, amene tinali titangokwatirana kumene, anapita nawo limodzi ndi makolo awo. Ine ndinalowera kunyanja yamchere, chifukwa msuweni wanga anatumiza uthenga woti pa doko akulemba anthu amphamvu. Ndinakwera pamwamba pa lole yodzaza matumba, mu koluna, mndandanda wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali. Ulendo wonsewo maso anali kutchire. Ndinafika ndi malaya awiri, korona ya mayi anga m'thumba, ndi pepala la kalasi yachinayi, sukulu yokhayo imene ndinali nayo.

Ntchito yanga yoyamba inali ya isitiva, ndiye kuti kupakira ndi kutsitsa katundu m'mimba mwa sitima. Dzenje limenelo amalitcha porau. Umatsika ndi makwerero achitsulo oterera, ndipo ukafika pansi n'kuyang'ana kumwamba, thambo limaoneka laling'ono ngati mphasa. M'katimo mumatentha ngati mu uvuni wa njerwa. Ife tinkasanja matumba a chimanga mu ukonde wa zingwe n'kukoletsa ku ngowe, ndiye gindasiti, makina aatali aja oima pa gombe, ankakweza mtolo wonsewo kudutsa pamwamba pa mitu yathu. Woyendetsa makinawo sankationa ife a pansi. Maso ake anali munthu mmodzi woima pakamwa pa dzenjelo, wopereka zizindikiro ndi manja. Ameneyo amamutcha sinaleru.

Sinaleru wa gulu lathu anali a Saide, Msilamu wa konko kugombe, wondiposa ndi zaka zisanu zokha koma woyamba ntchito kalekale. Iwo ankalankhula Chimakuwa, ine Chilomwe cha kwa agogo anga, ndiye tinkamvana bwino ndithu. Tsiku loyamba lomwelo ananditengera pambali. "Iwe wa kumapiri, tamvera. Mtolo ukanyamuka usamauyang'ane, uziyang'ana kothawira. Ndipo usadzaime pansi pake, ngakhale akutume shefi, bwana wathu amene."

Zaka zimenezo kunalibe chilichonse. Nsapato za ntchito tinkabwerekana, magolovesi tinkasoka tokha ndi matumba akale, chipewa cholimba chinali chimodzi pagulu lonse ndipo ankavala ndi kapitawo. Zingwe zachitsulo zikayamba kutuluka minga, m'malo mozitaya ankangozipaka girizi. Mwezi wanga wachinayi chingwe china chinaduka mtolo uli m'mwamba. Chinalira ngati mfuti. Matumba anagwera munthu amene m'mawa womwewo tinagawana naye chinangwa chootcha. Tinamufukula ndi manja, koma anali atatisiya kale. Masana ake tinauzidwa kuti tibwerere m'dzenjemo, chifukwa sitima sidikira maliro. Ndinatsika ndili ndi mantha, ndipo kunena zoona, mantha amenewo sanandichoke zaka zonse zimene ndinakhala pa doko. Ndinangozolowera kugwira ntchito ndili nawo.

Kuyambira zaka 28 mpaka 50

Chimene chinandikweza pa gindasiti si nzeru ayi, koma mantha omwewo. Ndinkafuna kuchoka pansi pa mtolo. Sukulu ya makina kunalibe, ndipo madalaivala akale ankabisa luso lawo ngati mankhwala, poopa kulandidwa mpando. Ine nthawi yopuma ndinkadya mofulumira, n'kukwera kukapukuta magalasi a kanyumba ka woyendetsa, kuthira girizi, kuwagulira fodya. Popukutapo ndinkaba ndi maso. Ndinkaona kuti dzanja ili likakankha, mkono wa makina umatani, ndiponso kuti mtolo ukayamba kuchita katungwe amauziziritsa bwanji. Panatha zaka zitatu asanandilole kugwira chitsulo ngakhale chimodzi.

Mkulu wa makina onse anali shefi Batista, bambo wamfupi wa mawu ochepa, amene akakwiya ankangovula magalasi n'kumawapukuta pang'onopang'ono. Mayeso ake sanali a pepala. Anadzaza mgolo ndi madzi mpaka pakamwa, anajambula bwalo ndi choko pa simenti chapatali, n'kundiuza m'Chipwitikizi kuti, "Domingo, mgolowu ukauike m'bwalo muja. Madzi akatayika ubwerere ku matumba." A Saide ndiwo anandipatsa zizindikiro. Mgolowo sindinauyang'ane n'komwe. Ndinayang'ana dzanja lawo lokha, likuzungulira, likutsika, mpaka analifumbata. Shefi anapita kukasuzumira, anaviika chala m'madzimo, n'kuchoka. Mawa lake dzina langa linali pa ndandanda ya madalaivala.

Nkhondo inali itatha, ndipo ndinali nditakatenga kale mayi anu ku Muloza. Munabadwa nonse awiri m'kanyumba kaja ka pafupi ndi njanji. Kenako doko linasintha. Kunabwera oyang'anira atsopano, makontena, makina a mabatani, ndi tiwailesi tolankhulirana. Anati aliyense, kaya wayendetsa zaka zingati, akhale m'kalasi alembe mayeso kuti apeze chiphaso. Ndinakhala benchi limodzi ndi anthu ochokera ku sukulu za ntchito zamanja, ine imvi zitayamba. Tereza, ukukumbukira kuti ndiwe unkandiwerengetsa masamu a kulemera kwa katundu Lamlungu masana, n'kumandikalipira ndikalakwa? Anzanga atatu akale analephera, anawabwezera pansi. Ine ndinakhoza movutikira. Anandipatsa gindasiti yatsopano ya mateyala, ndipo kwa zaka zingapo ndinali munthu amene shefi ankamuitana katundu akakhala wovuta. Ndinayamba kudzimva.

Ndili ndi zaka 51

Zinayamba ndi tinthu topanda pake. Ndinkagunda phewa lamanzere pa felemu ya chitseko cha nyumba imene ndinakhalamo zaka makumi awiri. Kapu ya tiyi ikakhala kumanzere ndinkaigwetsa ndi chigongono. Tsiku lina tikuchokera ku Misa, njinga inandikhula mwendo, ine osaiona mpaka itafika pamphuno. Mayi anu anaima pakati pa msewu.

"Bambo a Tereza, njinga imeneyi yachokera kutali ikuimba belu. Simunaione?"

"Ndimaganiza zina."

"Dzulo lija pa chitseko mumaganizanso zina? Tatsekani diso lamanja."

Ndinakana, ndinati anthu akutiona. Koma titafika kunyumba ndinalowa kubafa n'kuyesa ndekha. Nditatseka lamanja, dziko linatsala laling'ono ngati ndikusuzumira mu paipi. Patsogolo ndinkaona bwinobwino, mpaka nyerere pakhoma. M'mbali munalibe kanthu. Sindikunena mdima ayi, munangokhala mopanda kanthu. Nditayesa linalo ndinapeza kuti nalonso layamba kudyeka m'mbali. Panalibe chopweteka chilichonse. Ndinakhala pa chidebe nthawi yaitali mpaka mayi anu anagogoda.

Chaka chilichonse kampani inkatiyeza m'thupi. Maso ankayeza ndi zilembo zopachika pakhoma, ndipo zilembozo zimakhala patsogolo pako. Ndinawerenga mpaka mzere wapansi, namwino n'kudinda pepala. Ndinatuluka ndi chidindo chonena kuti ndili bwino, ine ndikudziwa kuti sindili bwino. Tereza, unali chaka chachiwiri ku sukulu ya unamwino. Paulo, unali utatsala pang'ono kumaliza sekondale. Kuti ndifike pa reforuma, nthawi yopuma ntchito, kunali kutatsala zaka zisanu ndi zinayi. Ndinali nditaona madalaivala ochotsedwa chifukwa cha matenda atakhala pa chipata cha doko, akugulitsa mtedza kwa anthu amene kale ankawavulira chipewa. Ndinadziuza kuti ndingopirira mpaka mmodzi wa inu ayambe ntchito.

Munthu amene sindikanatha kumubisira anali a Saide. Tsiku lina masana tikudya mumthunzi wa kontena, anadikira kuti ena achoke.

"Domingo, lero ndafumbata dzanja kawiri iwe usanaime."

Ndinangoyang'ana mbale.

"Ndi mowa kapena ndi maso?"

"Ndi maso, achimwene. Kumanzere kulibe."

Anatafuna nthawi yaitali. Kenako anati, "Ndiye ine ndiziima pakati penipeni pa galasi lako. Usamatembenuzire makina kumanzere ndisanatsogole ine. Chilichonse chimene dzanja lanena, ndizinenanso pa wailesi. Koma upite kuchipatala."

Ndinavomera, koma sindinapite. Ndinkaopa kuti pepala la adokotala likafika ku ofesi.

Tinagwira ntchito choncho miyezi isanu ndi iwiri. Sindidziwa ngati ndingathe kukufotokozerani miyezi imeneyo. M'mawa uliwonse pokwera makwerero a gindasiti ndinkawerenga anthu amene ali pansi, n'kuloweza pamene aliyense waima, koma anthu sakhala malo amodzi. M'kanyumba muja mutu unkangotembenuka uku ndi uku ngati nkhuku yaona kabawi, mpaka khosi linauma. Kontena iliyonse ikatera bwino ndinkapuma ngati ndawoloka mtsinje wodzaza, ndiye pomwepo ina ikudikira. Malaya ankanyowa nthawi ya chisanu. Munthu akakuwa pansi, ngakhale kuitana mnzake chabe, ndinkaganiza kuti ndagunda munthu. Ndinaonda, anzanga n'kumanong'onezana za matenda ena. Ku tchalitchi ndinasiya kulandira ukalisitiya, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikakalapa, bambo mfumu akandiuza chinthu chimene sindinkafuna kumva.

Lachisanu lina, nyengo ya nandolo

Lachisanu lililonse masana a Saide ankapita ku mzikiti, ndipo ine ndinkakonza kuti nthawi yanga yopuma igwere pomwepo. Tsiku limenelo sitima inali itachedwa, madzi a m'nyanja atatsala pang'ono kuphwa. Shefi Batista analamula kuti makina asaime. M'malo mwa a Saide anatumiza Amade, bambo wa ana atatu amene anali atangomaliza kumene maphunziro a usinaleru. Ndikanatha kunena kuti m'mimba mwandipotokola. Ndinaganiza zimenezo, koma ndinati makontena atsala asanu ndi imodzi okha.

Amade anaima pamene anaphunzitsidwa kuima, pambali, kutali ndi katundu. Mbali yake inali ya kumanzere. Makontena atatu oyamba ndinakweza ndikupotoza khosi kuti ndimuone. Yachinayi inali yodzaza nandolo, mwina wolimidwa kwathu konkuno. Nditainyamula pa lole, mphepo inaikankha pang'ono, ndipo maso anga anapita pa kontenayo. Ndinayamba kutembenuza makina. Pa wailesi panali zii. Ndinangomva kugunda kumene sikunali kwa chitsulo pa chitsulo, kenako kukuwa kwa anthu ambiri.

Amene ndinamugunda anali a Jaime, bambo wa ku Mocuba, amene ntchito yawo inali kumasula zokhomera makontena pa malole. Ngodya ya kontena inawakankhira pa lole. Nditatsika ndinawapeza ali gone pa simenti, mkono utapindika pamene palibe mfundo, akupuma ngati munthu womira. Anawanyamula pa thabwa.

Shefi anafika akuthamanga. "Domingo, chizindikiro choimitsa unachiona?"

"Sindinachione, shefi."

Mawuwo anali oona, koma ndinadziwa mmene awamvere. Amade anati, "Ndinapereka, shefi. Ndinapereka ndi manja onse awiri, ndinakuwanso." Atayesa wailesi yake anapeza kuti batire latha. Lamulo linali loti sinaleru aziyesa wailesi asanayambe ntchito. Mbali imodzi kunali dalaivala wa zaka makumi awiri wosalakwapo, mbali ina munthu watsopano wa wailesi yakufa. Shefi anamulanda Amade chipewa ndi khadi pomwepo, n'kunena kuti nkhani ikambidwa Lolemba m'mawa.

Loweruka ndinapita kwa a Saide. Ndinawapeza akusoka ukonde wa mwana wawo pabwalo. Anali atamva zonse.

"Jaime akuti achira," anatero asanandipatse ndi moni womwe. "Mkono ndi nthiti, koma achira."

"Nanga Amade?"

"Amade akadali ndi mphamvu, apeza kwina."

"Ndi kalata yonena kuti anavulaza munthu? Amulemba ndani, achimwene?"

Anaika singano pansi. "Domingo, ukanena za maso ako, wanenanso za ine. Miyezi yonseyi ndimaima pakati pa galasi lako, anthu amaona. Zanditsalira zaka zinayi kuti ndipume ntchito. Ine sindikuuza chochita, koma ukaulula, dzina langa lisatuluke pakamwa pako."

Ndinabwerera ndi katundu woposa amene ndinapita naye. Njira yonse ndinkaganiza za apolisi, za ndende, za inu awiri mukulongedza mabuku kubwerera kumudzi.

Lamlungu titachoka ku Misa, mayi anu anakhala kuseri kwa nyumba akusadzula chigwada. Inu munali mutapita kwa anzanu. Ndinawauza zonse, kuyambira za a Saide mpaka za wailesi ya Amade. Sanasiye ntchito yawo.

"Ndiye Lolemba akamuchotsa Amadeyo, Lachiwiri mukweranso?"

"A Saide adzakhalapo."

"Lachisanu linalo adzakhalaponso?"

Anatenga tsamba lina, n'kupitiriza.

"Bambo a Tereza, munda ku Mongue ulipo. Nandolo amene mumakwezayo amalima ndi anthu ngati ife, ndipo sanafe. Njala ndinakhala nayo ku msasa wa othawa nkhondo, ndikuidziwa, sindikuiopa. Koma kukhala mkazi wa munthu wopha mnzake sindikudziwa, ndipo sindikufuna kuphunzira ndi ukalamba uno."

Lolemba lake

Msonkhano unachitikira m'chipinda chapamwamba, cha tebulo lalitali. Panali akuluakulu atatu: shefi Batista, mkulu wa bungwe la antchito, ndi dona Ameliya, mayi woyang'anira maphunziro a antchito onse a pa doko. Amade anabwera atavala malaya ositidwa bwino, n'kukhala manja ali pakati pa mawondo. Shefi anawerenga lipoti. Linati sinaleru sanayese wailesi ndipo chizindikiro chake sichinaoneke kwa dalaivala. Anandikankhira pepalalo kuti ndisaine.

Cholembera ndinachigwira ndithu. Ndikufuna mudziwe zimenezi, kuti ngakhale mayi anu atalankhula mawu aja, ndinafika pogwira cholembera, ndipo nsonga yake inakhudza pepala. Ndinafuna kuona nkhope ya Amade, koma anali atakhala kumanzere kwanga. Kuti ndimuone ndinachita kutembenuza thupi lonse pampando, munthu woti akanatha kundigwira phewa. Iye sankandiyang'ana ine, ankayang'ana cholemberacho.

"Shefi, Amade chizindikiro anapereka," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndinachita kubwereza. "Ine ndi amene sindiona kumanzere. Maso anga anaonongeka."

Shefi Batista anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Kenako anadzuka, anandiuza kuti ndiyang'ane khoma la kutsogolo, iye n'kuzungulira tebulo.

"Zala zingati?"

"Sindikukuonani n'komwe, shefi."

"Zinayamba liti?"

"Yatha miyezi isanu ndi iwiri chidziwire."

"Ndipo tsiku lililonse umakwera, anthu anga ali pansi." Sanakweze mawu. "Wina ndani akudziwa?"

Ndinakhala chete. Anafunsanso kachiwiri, ndinakhalabe chete. Koma shefi anali atakhala pa doko zaka zambiri kuposa ine. Anangoti, "N'chifukwa chake Saide amaima pamene sinaleru saima," n'kuvalanso magalasi ake.

Anandiimitsa ntchito miyezi iwiri. Masiku onsewo galimoto ikaima pafupi ndi nyumba ndinkati ndi apolisi. Inu tinakuuzani kuti ndili pa tchuthi. Adokotala a maso anati madzi a m'diso akupanikiza mtsempha, ndipo chimene chatayika sichibwerera. Anandipatsa mankhwala odontheza tsiku lililonse kuti chotsalacho chisathe, n'kunena kuti ndikanabwera msanga diso lamanzere likanapulumuka. Kampani sinandichotse, mwina chifukwa ndinaulula ndekha, mwinanso chifukwa chidindo chonena kuti ndili bwino chinali chawo chomwe. Ananditsitsa giredi n'kundiika mosungira zipangizo, kumagawa zipewa ndi magolovesi. Amade anabwerera pa ntchito. A Saide anawapumitsa nthawi isanakwane. Dzina lawo silinatuluke pakamwa panga, koma kwa iwo zinali chimodzimodzi. Ndinapita kwawo katatu, katatu konse apabanja awo anandiuza kuti achokapo, nsapato zawo zili pakhomo. Anamwalira patapita zaka zinayi tisanalankhulane. Pa maliro ndinaima kumbuyo kwa anthu onse.

Kuyambira zaka 52 mpaka reforuma

Nditatha chaka ndikugawa zipewa, dona Ameliya anabwera pa windo langa. Anati ophunzira atsopano akukhoza bwino pa kompyuta yoyeserera, koma akakwera makina enieni mphepo ya kunyanja ikawomba, amauma manja. "Sinyoro Domingo, kukwera simudzakweranso, zimenezo muiwale. Koma mukhoza kuima pansi ndi wailesi n'kumawauza zimene manja anu akudziwa." Ndinawafunsa ngati ophunzirawo angamvere munthu amene anavulaza mnzake. Iwo anati ndiyambire pomwepo.

Ndi mmene ndinakhalira mphunzitsi, zaka zisanu ndi zitatu. Gulu lililonse latsopano, amuna ndi akazi omwe, tsiku loyamba ndinkawauza za a Jaime ndisanawaonetse batani lililonse. Kenako ndinkamuimika aliyense kuti ayang'ane mphuno yanga, mnzake n'kumabwera chakumbali kuchokera kumbuyo, iye anene pamene wamuona. Dona Ameliya anakakamiza achipatala cha kampani kuti nawonso aziyeza kuona kwa m'mbali. Chaka chachiwiri anapeza dalaivala wina ali ndi matenda omwewa akungoyamba kumene, ndipo iyeyo maso ake alipo mpaka lero. Luso sindinabise ngati mmene anandibisira ine. Koma mantha sanathe. Wophunzira akanyamula kontena yake yoyamba, ine pansi thukuta linkachita kuyenderera kumsana. Choncho anthu achilendo ambirimbiri anaimva nkhaniyi kuchokera pakamwa panga, ana anga enieni osaidziwa. Kwa iwo ndinali mphunzitsi, sizinkavuta. Kwa inu ndinkaopa mmene mudzandiyang'anire.

A Jaime atachira anawapatsa ntchito ya pa chipata chaching'ono, kuona makhadi a olowa. Mkono unatsala wopindika, sutha kunyamula ngakhale ndowa. Zaka ziwiri zathunthu ndinkazungulira kukalowera chipata chachikulu, ulendo wautali ndithu, kuti ndisakumane nawo. M'mawa wina ndinalimba mtima. Analandira khadi langa ndi dzanja labwinolo, n'kuliyang'ana ngati sakundidziwa.

"A Jaime, ndabwera kudzapepesa. Ndinachedwa."

"Mwachedwadi," anatero. Anandibwezera khadi. "Mukudziwa chimene chinandiyendetsa tsiku lija? Ine lamulo ndimalidziwa, sindidutsa katundu ali m'mwamba. Koma ndinakweza maso, ndinaona nkhope yanu pa galasi italoza kumene ndinali. Ndinati a Domingo andiona, ndipo a Domingo salakwitsa. Ndiye ndinadutsa."

Sanandikalipire, sananenenso kuti andikhululukira. Anangondiuza kuti ndisunthe, kumbuyo kwanga kuli anthu. Kuyambira tsiku limenelo ndinkalowera chipata chawo, tinkapatsana moni, basi.

Tsopano mverani chimene ndalembera zonsezi. Adokotala aja anandiuzanso chinthu china chimene ndinachisunga ndekha, chifukwa kuchinena kukanaulula zina zonse. Anati matendawa amayenda m'magazi, kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana, ndipo amabwera osapweteka, osafiiritsa diso, munthu n'kumadziona ngati ali bwino. Paulo, iwe ukuyendetsa lole. Loweruka lapitali ndinaima pamsika ndikukuona ukukhota kulowera njira ya kumalire, pakati pa njinga zonyamula matumba ndi amayi osenza madengu, ena akudutsa chogundana ndi mateyala ako. Anthu onsewo amakhulupirira kuti wawaona. Unandiimbira hutala ukumwetulira, ine mtima uli m'mwamba mpaka unazimiririka.

Pita kuchipatala cha maso, mwana wanga, mwezi uno usanathe. Akakuonetsa zilembo za pakhoma usakhutire nazo, ukawauze kuti ayeze m'kati mwa diso ndi kuona kwa m'mbali, ndipo ukatchule matenda a bambo ako. Tereza, umuperekeze, iwenso ukayezetse, ndipo ana anu akadzakula mudzawauze. Zimene akakupezeni mudzandiuze, ngakhale zikhale zoipa. Kufikira tsiku limenelo, lole iliyonse ikalira mabuleki pa msewu wa kumalire, ine ndiziimirira.